Maziro Anayi a Swaleyi

Swaleyi anagogoda pa ofesi ya Shehe Mbwana Lachisanu m'mawa, pepala lili m'manja, nkhope ili ndwii. Shehewo ankaphunzitsa mbiri yakale payunivesite, ndipo lamulo lawo pa ntchito ya m'magulu linali lakuti mtsogoleri wa gulu alembe malikisi a mnzake aliyense malinga ndi thukuta lake.

Mnyamatayu nzeru anali nazo, koma vuto lake ankazidziwa kuti ali nazo. Iye ndiye anali mtsogoleri wa gulu lake, ndipo anzake anayi onse anawapatsa ziro. Mmodzi mwa iwo anali Asiyatu, amene anali atalakwa kale phunziro lina. Ziro ameneyu akanamuchotsetsa sukulu. Swaleyi ankadziwa zimenezi popereka pepalalo.

"Salaam aleikum, Shehe. Ntchito yonseyi ndagwira ndekha. Kodi Chisilamu sichiletsa umboni wabodza?"

"Wa aleikum salaam. Chimaletsadi, mwananga. Khalani pansi."

Shehe anawerenga pepalalo kawiri, osathamanga.

"Asiyatu sanabweretse kalikonse?"

"Anabweretsa masamba asanu ndi limodzi, koma zinali zosalongosoka. Ndinataya n'kulemba zanga."

"Munamuonetsa polakwika?"

"Nthawi inalibe, Shehe."

"Nanga enawa?"

"Chimodzimodzi. Akanandibweza m'mbuyo."

Swaleyi mantha anamugwira, poti sanazolowere kufunsidwa kawiri. Shehe anatenga cholembera, nachigwira pamwamba pa dzina la Asiyatu, koma sanasaine.

"Ndithandizeni funso limodzi, poti inu ndinu imamu wotsogolera anzanu pa mapemphero a swala ku hositelo. Imamu akathamanga, n'kumaliza swala yekha anthu am'mbuyo mwake akadali chiweramire, tinene kuti anthuwo sanaswali?"

"Ayi, Shehe. Wawasiya ndi imamuyo."

"Ndiye wolakwa ndani?"



Shehe anamubwezera pepalalo ndi manja awiri, mwaulemu ngati akupatsira mkulu mnzawo.

"Ine sindinakutumeni kuti mukafike msanga, mwananga. Ndinakutumani kuti mukafike ndi anthu anayi, ndipo mwabwera nokha. Pitani mukatole masamba munataya aja, mukhale nawo pansi eni akewo mpaka Lolemba. Mukakana, ndisaina maziro anuwa lero lomwe, koma akhala asanu, ndipo woyamba ndimulemba pa dzina la imamu."