Nkhope ya Mayi Dufie

Ku Mampong kuno munthu saikidwa m'manda mwakachetechete. Loweruka lililonse misewu imatsekedwa ndi matenti, anthu avala zofiira ndi zakuda, ng'oma ndi malipenga zikulandizana, ndipo pakati pa chipwirikiti chonsecho simukanalephera kuona Twumasi atasenza kamera paphewa. Ntchito yake inali yoonetsa maliro pa intaneti, kuti abale okhala kunja kwa dziko alire nawo pa nthawi yomweyo. Ntchitoyo ankaidziwa, pamenepo tisam'namizire. Chimene chinam'pweteka n'chakuti nayenso ankadziwa kuti amaidziwa.

Kasitolo kake kanali kuseri kwa depoti ya minibasi. Anali ndi tsamba lakelake pa intaneti, chifukwa masamba akuluakulu otchuka ankam'dulira mawu akangomva nyimbo za eni ake zikuimbidwa pamaliro. Chaka chimenecho anali atapeza njira yatsopano yotumizira kanema, yotulutsa chithunzi chowala bwino koma yosadya mayunitsi ambiri. Pa kompyuta pake panali kabokosi koti achonge ngati akufuna kuti kanemayo azipitanso m'njira yakale, ya anthu okhala ndi zipangizo zokalamba. Iye anakasiya kosachonga. "Wa zakale agule zatsopano," ankatero pouza anzake a pa depoti. "Galimoto siidikira bulu."

Kenako maliro anagwa m'nyumba mwake momwe. Mayi ake, mayi Dufie, anamwalira atadwala kanthawi kochepa. Thupi linasungidwa m'firiji ya kuchipatala kwa miyezi ingapo monga timachitira, abale akusonkha zofunika, komanso akuyembekeza kuti mwina mwana wamkazi wa malemuwo, Konadu, abwera.

Konadu anali mlongo wake wa Twumasi, wom'ponda pamutu. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kuwait. Pasipoti yake inali m'kabati ya abwana ake, ndipo foni yake adona a panyumbapo anailanda kalekale ati imam'chedwetsa ntchito. Akafuna kulankhula ndi kwawo ankabwereka kafoni ka mabatani ka wantchito mnzake wa nyumba yoyandikana, kamene ankapatsirana pakhonde ponamizira kuyanika zovala. Pa kafoni kameneko ndi pamene anaimbira Twumasi kutatsala sabata imodzi kuti maliro aikidwe.

"Achimwene, andikaniza. Akuti ana awo atsala ndi ndani."

"Ndinadziwa ine. Anthu amenewo alibe chisoni."

"Madzi omaliza sindinawamwetse amayi. Mwana wamkazi ndine ndekha, koma anawamwetsa ndi mpongozi. Basi nkhope yokha ndiione, ndiwauze mawu anga bokosi lisanatsekedwe."

Kwathu kuno munthu akamatsirizika, mwana wake amam'donthezera madzi kukamwa kuti asayende ulendowo ndi ludzu. Wolephera mwambo umenewu amayenda ndi munga mumtima, ndipo Konadu anali nawo mungawo.

"Uwaona ngati uli pomwepo," anatero Twumasi. "Ndikutumizira adiresi ya tsamba langa. Iwe ungotsegula basi."

"Adona andilola ola limodzi Loweruka m'mawa, iwo akapita kukacheza kwa amayi awo. Koma tiyeserere kaye Lachinayi, achimwene, chifukwa chimene ndidzaonerepocho..."

"Kuyeserera chiyani? Maliro a eni ake ndaonetsa osawerengeka, ndikalephere a mayi anga ondibereka? Anthu ali ku Jeremani amaona ndi thukuta la abusa lomwe."

"Ayi, ine ndimati..."

"Usathe mayunitsi a mwiniwake. Lachinayi ndili ndi matenti, mipando, oimba malipenga. Pukuta misozi, zonse zili m'manja mwanga."

Mkazi wake, Pokuaa, amene ankasinja chinangwa chophika cha fufu pakhomo, anaimitsa munsi. "Bwanji osam'lola mwanayo amalize? Mwam'dula mawu ali m'kamwa."

"Iwe sinja fufu, za makina undisiyire."

Pokuaa anapitiriza kusinja, koma munsi unkagunda mwamphamvu kuposa poyamba.

Loweruka linafika. Kutangocha thupi linagonekedwa pabedi lokongoletsedwa m'chipinda chachikulu cha nyumba ya makolo. Mayi Dufie anawaveka nsalu yawo ya kente ya pa zikondwerero ndi mikanda m'khosi, ndipo anaoneka ngati angogona tulo ta masana. Anthu ankalowa pamzera, kuzungulira bedilo akulira, n'kutulukira khomo lina. Amalume a Gyamfi, mlongo wawo wa malemu, amene anali mwini mbumba ndiponso woyenera kulamula kuti bokosi litsekedwe, anakokera Twumasi pambali.

"Mphwanga, dzuwa likakwera titseka. Thupi lachoka m'firiji, silidikira munthu."

"Musade nkhawa, amalume. Konadu aona, alankhula, ndiye mutseke."

Anaimika kamera kumutu kwa bedi n'kukhala pa kompyuta yake pakhonde. Chithunzi chinali mbee. Mauthenga anayamba kugwa kuchokera kwa asuweni a ku Ulaya: tikuona bwino, mwaikonza nkhope ya amayi, Mulungu akudalitse. Twumasi ankawerenga mtima uli m'malo. Kenako foni yake inalira.

"Achimwene, sindikuona kanthu. Pali mdima, ndiye pakati pali kamkombero kakungozungulira."

"Dina kamuvi kali pamwambapo kuti tsamba litsegukenso."

"Ndadina. N'chimodzimodzi."

"Ndiye kuti intaneti yanu ndi yofooka. Yandikira pamene pali kabokosi kake."

"Ndaima pomwepo. Makatuni a ana akuoneka bwinobwino, koma zanuzi ayi."

"Zimitsa, uyatsenso."

Konadu anazimitsa, anayatsa. Mdima womwewo. Twumasi anamuuza kuti alowe m'kati mwa pulogalamuyo afufute zonse zimene inasunga, koma malangizo ake anali m'Chiarabu, ndipo Konadu ankangodina mwachimbulimbuli akusisima. M'chipindamo abale anali atayamba kale kupereka mphatso za paulendo: wina nsalu, wina mpango, wina mphete, aliyense akuwerama kuwauza malemu mawu ake. Nsalu ya Konadu, imene Pokuaa anam'gulira m'dzina lake, inali idakali yopindidwa pampando kudikira mwiniwake.

"Vuto lili kwa iwe," anatero Twumasi, thukuta lili kamukamu. "Anthu onse akuona. A ku London akuona, a ku Jeremani akuona. Iwe ukudina chiyani?"

"Musandikalipire, achimwene. Lero lokha musandikalipire."

Amalume a Gyamfi anatulukira pakhonde, nsalu yakuda ili paphewa. Anaima pang'ono akumvetsera, kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa foniyo. Ndikaiika pakhutu la mlongo wanga, mwanayo alankhule. Maso akakanika, pakamwa pakwanira."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanagonja. Koma pakhondepo panali anthu, ena mwa iwo oti anam'lembapo ntchito, ena oti akanadzam'lemba m'tsogolo. Kupereka foniyo kunali kuvomera pamaso pawo kuti makina a Twumasi alephera pa maliro a mayi ake omwe.

"Dikirani, amalume. Ndinam'lonjeza kuti aona ndi maso. Ikonzeka pompano."

"Mphwanga, ntchentche zayamba kulowa m'chipindamo."

"Pang'ono pokha."

Amalume anabwerera m'nyumba. Twumasi anayesa zonse zimene ankazidziwa. Anatsegula tsambalo pa foni yake, linayenda. Anabwereka ya Pokuaa, linayendanso. Nzeru zitam'thera m'pamene anafunsa funso limene linkam'dikira sabata yonse.

"Kodi iwe ukuonera pa chiyani?"

"Pa tabuleti yakale ya mwana wa adona. Yagalasi losweka."

"Nanga ukulowera pa bulawuza yanji? Pulogalamu imene watsegulira tsambalo, dzina lake n'chiyani?"

Konadu anatchula zilembo zake chimodzichimodzi. Inali bulawuza yakalekale, ya mtundu umene sudziwa n'komwe njira yake yatsopano ija. Ikanadikira mpaka chaka chamawa, chithunzi sichikanabwera.

"Ika ina! Ndikuuza dzina lake, uikemo msanga."

"Siilola. Adona anaitseka kuti mwana asamaikemo zinthu. Ndi zimene ndimafuna kukuuzani tsiku lija, achimwene, kuti..."

Mawu anaduka. Mayunitsi a mwiniwake anali atatha.

Twumasi anaimba, foni inalira osayankhidwa. Anaimbanso, inali yozimitsa. Mwina abwana a mwini kafoni uja anali atabwera ndipo kafoniko kanabwerera kumene kamabisidwa. Tsopano anathamangira kabokosi kaja kamene ankakanyoza, n'kukachonga. Koma kuti njira yakaleyo iyambe kugwira, kunafunika kuimitsa kanema yense, kusintha zina ndi zina, n'kuyambiranso. Pofulumira analakwitsa, anabwereza. Asuweni a ku Ulaya anayamba kudandaula kuti chithunzi chazima. Abusa anali atafika kale ndi kwaya yawo, onyamula bokosi ataima pakhomo, dzuwa likuwotcha malata.

Amalume a Gyamfi anadikira kuposa mmene mwambo umalolera. Pamapeto pake anatenga okha nsalu ya Konadu, anaiika pachifuwa pa mlongo wawo, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Dufie, iyi ndi ya mwana wako wamkazi. Sanakutaye, am'manga ndi eni dziko. Usam'sungire mangawa." Atatero analamula kuti thupi liikidwe m'bokosi.

Kanema anabwerera. Pakona pa kompyuta, pamene pamaoneka mayiko a anthu oonera, panatulukira Kuwait, munthu mmodzi. Twumasi anadzuka n'kuthamangira m'chipinda kuti akuwe kuti dikirani, waona, walowa. Anapeza amuna awiri atawerama akumanga zomangira zomaliza. Kamera yake, ili pamalo pake pomwe paja, inkaonetsa chithunzi chowala bwino kwambiri cha chivundikiro cha bokosi, chopakidwa vanishi, chokhala ndi mtanda wagolide. Munthu wa ku Kuwait uja anakhalapo kanthawi. Kenako dzina la dzikolo linazimiririka.

Maliro anayenda bwino, anthu anatero. Malipenga analira, anthu anavina mpaka fumbi kobo, ndipo alendo anayamikira kuti mayi Dufie apita mwaulemu. Twumasi anajambula zonse chifukwa manja ankadziwa okha ntchito yawo. Pokuaa sananene kuti ndinakuuzani. Kukhala chete kwakeko kunam'pweteka kuposa mawu.

Panapita masabata Konadu osamveka. Twumasi anakonza kanema wa tsikulo m'njira yakale, yoti ngakhale tabuleti yosweka itsegule, ndipo anatumiza adiresi yake ku kafoni kaja kangapo konse. Tsiku lina masana ali m'kasitolo kake foni inalira.

"Konadu! Mlongo wanga, wauona uthenga? Zonse ndinasunga. Nkhope ya amayi ilimo, ikuoneka bwino. Tsopano itseguka, ndayesa pa bulawuza yomweyo, ndinachita kukaifunafuna."

"Ndauona uthengawo." Mawu ake anali ouma, opanda misozi. "Sinditsegula."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinkafuna kutsanzikana ndi amayi adakali kunja kuno. Panopa ali pansi pa dothi. Ndiziuza galasi?"



"Bokosi ndinaliona," anapitiriza Konadu. "Linali lokongola. Ndinadikira kuti mwina atsegulanso, mpaka ndinamva galimoto ya adona pageti. Mnzanga uja abwana ake anam'menya chifukwa cha foniyi, ndiye sindidzaibwerekanso. Ndangoti mudziwe kuti ndili moyo."

"Ndikhululukire, mlongo wanga. Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni."

"Munayesetsa, inde. Koma mukanangondifunsa, achimwene. Yankho ndinali nalo m'kamwa."

Foni inaduka, ndipo nambala imeneyo sinayankhidwenso.

Twumasi akadali pa ntchito yake mpaka lero. Kabokosi kaja kamakhala kochonga nthawi zonse, ndipo aliyense wobwera kudzam'lemba ntchito amayamba wam'panikiza ndi mafunso: wachibale wanuyo adzaonera pa chiyani, ndi yakale bwanji, tingayeserere liti? Ena amatopa naye, amati amachulutsa gaga m'diwa. Iye amangoyang'ana pakona pa kompyuta Loweruka lililonse, pamene pamatulukira mayina a mayiko, ndipo dzina limene amalifunalo silinabwererenso. Ana a eni ake onse amaona nkhope za makolo awo. Mlongo wake yekha ndiye anaona chivundikiro, chifukwa cha funso limodzi limene mchimwene wake analiona ngati lom'chepetsa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.