Akamwini Awiri ndi Agalu Awo

Ana a masiku ano mumangoponya miyambi osadziwa kumene idachokera. Khalani pansi, uwu wokha ndikuuzeni chiyambi chake.

Kutsidya kwa mtsinje wa Bua kudali mayi wina wachikulire, dzina lake Nachisale. Ana ake aakazi awiri atakwatiwa, amuna awo adabwera kudzakhala chikamwini. Wamkulu adali Gwirize, mlenje amene mluzu wake unkamveka mpaka kudambo. Wamng'ono adali Msonthi, munthu wofatsa, woluka mphasa. Aliyense adabwera ndi galu wake.

Nachisale agalu sankawafuna. Poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, mawu adawatumiza kudzera mwa ana ake: "Mukawauze amuna anuwo. Galu amene adzalume munthu pano adzanyamuka pamodzi ndi mwini wake."

Mawuwo adamulowa Msonthi. Galu wake, Adzatopa, ndiye chokhacho chimene malemu bambo ake adamusiyira, komanso banja ankalifuna. Adapota chingwe cha khonje, nakulunga kansanza pamene chimagwira khosi kuti chisamupweteke galuyo. Mumpanda ankamumasula. Koma kumsika, kuchigayo, kudimba, chingwe chidali kumanja.

Gwirize akawaona ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mphwanga, kambuzi kanuko kabereka liti? Mudzatigawireko mkaka!"

"Mudzamwa, akulu," Msonthi ankayankha.

"Galu wa mwamuna amamangidwa ndi mluzu. Chimphepo wangayu ndikangoti fyooo, ngakhale nyama ili m'kamwa amalavula."

"Mluzu wanu ngwabwino zedi. Ine milomo njolemera, ndiye ndimadalira khonje."

Tsiku lina kudamveka kuti alangizi a ziweto akubaya agalu katemera wa chiwewe kudibi kosambitsira ng'ombe. M'mawa akamwini aja adanyamuka, Adzatopa pachingwe, Chimphepo akungothamanga uku ndi uku. Njira idali yopapatiza, udzu wofika m'mapewa. Pokhota pena, balamanthu! Nachisale uyo, akuchokera kumsika, mwendo wa mbuzi uli m'masamba a nthochi kumanja.

Mwambo mukuudziwa. Mkamwini akakumana ndi apongozi amapatuka, kunjuta patchire, maso pansi, mpaka adutse. Onse awiri adatero. Msonthi ponjuta adakulunga chingwe kawiri pamkono, galu namupana ndi mawondo. Fungo la nyama litafika, Adzatopa adalira, adakoka, khonje lidadya khungu la pamkono, koma Msonthi sadataye.

Nanga Chimphepo akadamugwira ndani? Adalunjika nyama ija. Gwirize adasongola milomo, kenako adazizidwa. Kuimba mluzu pamaso pa apongozi? Chipongwe chotero adachionapo ndani? M'kamwa mudangotuluka mpweya. Nachisale adakweza nyama m'mwamba, galu adalumpha, adaphonya, mano onse nakathera pakatumba ka mwendo.

"Mayo ine! Ndafa!"

Msonthi adamangirira Adzatopa pachitsa, adatola mtengo napirikitsa Chimphepo. Adang'amba malaya ake.

"Amayi, mundikhululukire, lero ndikugwirani."

Adatsuka bala ndi madzi a m'chigubu chake, adalimanga, nawabereka apongozi ake kumsana mpaka kuchipatala. Adokotala atafunsa kuti wabwera nawo ndani, Nachisale, misozi ili m'masaya, adati, "Ameneyu ndi mwana wanga."

Chilonda chija chidavuta. Mwezi wathunthu Nachisale sadagwire khasu, jekeseni ndiye wosayamba. Gwirize adabwera ndi tambala, adanjuta kuseri kwa chitseko, akuwomba m'manja.

"Pepani amayi. Pepani ndithu. Galu ameneyu sadachitepo zotere."

Nachisale adamasula nsalu ya pamwendo, nausuzumiritsa pakhomo.

"Bwerezani, bambo, mokweza. Mwina chilondachi chimva, chitseka."

Gwirize adasuzumira chilondacho.

"Mwaona? Chidakali chofiira. Mnzanu pepani wake adanena kale ndi chingwe, ine ndisadalumidwe. Wanuyu wafika mochedwa. Pepani sapoletsa chilonda."

Mawa lake Gwirize adapinda mphasa, galu pambuyo, ulendo wa kwawo. Msonthi adakhala pamudzipo mpaka imvi, ndipo Adzatopa adafa ndi ukalamba osalumapo munthu. Achinyamata a m'mudzimo, akapeza kagalu, ankabwera kwa Msonthi kuti awaphunzitse kupota khonje, iye nawaphunzitsa mutu uli m'mwamba.

Ndiye mwambi uja: pepani sapoletsa chilonda. Sukuletsa kupepesa ayi, kupepesa ndi ulemu. Ukunena kuti mnzako ukamupweteka, mawu okoma sabweza magazi amene atayika. Choncho chimene ungathe kuchitchinga, chitchinge chisadachitike. Galu ngakhale akhale womvera bwanji, mphuno ndi mano nzake, ndipo tsiku limene iwe udzasowe mawu, iye sadzakudikira. Ukamatuluka naye pagulu, mmange.