Funso la Nankhoma ku Sikelo

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unabadwira ku Kamtedza, pansi pa mtengo wa mbawa pamene amayi amayezetsera ana.

Jelemiya atabwerako ku Joni anachita zolongosoka: anatengana ndi mkazi wake, Nankhoma, kukayezetsa magazi. Mwamunayo anapezeka ndi kachilombo, mkazi ayi. Jelemiya anayamba mankhwala, ndipo achipatala anawapatsa makondomu kuti Nankhoma asatenge matenda, komanso asatenge mimba ina khanda likadali kumsana.

Koma pa mwezi umodzi kondomu inang'ambika kawiri.

"Amake mwana, zinthuzi n'zachabe," anatero Jelemiya. "Anzanga ankati zili ndi timabowo. Tingozisiya."

Mtima wa Nankhoma unali pa khanda lake. Atadwala onse awiri, adzalera ndani?

Tsiku la sikelo, mlangizi wa zaumoyo, Mayi Kalinde, atatha kuyeza ana, anati, "Alipo wa funso?" Nankhoma yekha anaimirira.

"Pepani mayi, ndine wapabanja. Kodi kondomu njodalirika? Kwathu yang'ambika kawiri."

"Iii, Nankhoma!" anakuwa Nasibeko, woyandikana naye nyumba. "Zakuchipinda n'kuziyanika pabwalo ngati mphale?"

Gulu lonse linafa nalo phwete. Nankhoma sanakhale pansi.

Mlangizi anatsegula kondomu, naithira madzi a m'chigubu mpaka inatupa ngati dzungu. Anaiyendetsa pakati pa amayiwo. Silinagwe ngakhale dontho.

"Timabowo tili kuti? Tsono ndiuzeni, amayi, mumapakapo kanthu?"

"Mafuta odzola a mwanayu," anayankha Nankhoma chapansipansi. "Chibadwire iyeyu ndimamva kuwawa."

Mlangizi anauzira mpweya m'kondomu ina, naipaka mafuta omwewo, n'kumaisisita. Posakhalitsa, phuu! Makanda analira, ndipo kuseka kunatheratu.

"Mafuta amadya mpira," anatero. "Zopaka zoyenera ndikupatsani. Valani yatsopano ulendo uliwonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Onani tsiku lake lothera ntchito, ndipo musaisunge potentha. Mukatero imateteza kwambiri ku mimba ndi ku matenda. Kulephera kwake nthawi zambiri kumachokera m'manja mwathu."

Apo Nasibeko anakweza chala mozengereza. "Nanga... kuvala ziwiri pamodzi?"

"Zimakhulana n'kung'ambika. Bwenzi mutadziwira kuti, mayi uyu akanapanda kuimirira? Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Nankhoma anakafotokozera mwamuna wake mwaulemu, ndipo Jelemiya anamvera. Papita zaka zambiri, koma magazi a mayiyu akadali bwino.

Ndi mmene mawuwo anayambira: mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mbewa yoopa kuonedwa imakhalabe m'dzenje ngakhale utsi walowa, n'kufera momwemo. Kudzisunga kufikira ukwati ndiwo mwambo, ndipo sindiubweza. Koma pamene moyo uli pachiswe, imirirani mufunse wodziwa, ngakhale pabwalo pakuseka anthu. Kusekedwa kumatha dzuwa lisanalowe, koma matenda ena akalowa m'thupi satulukamo.