Mpunga wa Pansi pa Bedi

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2020, chipinda chochezera cha a Potiphar Mwenda ku Jumeirah Village Circle, mumzinda wa Dubai, chinasanduka nkhokwe. Mipando anaikankhira kukhoma, pakati ponse n'kudzaza matumba a mpunga, ufa wa tirigu, mphodza ndi zigubu za mafuta. Tchalitchi cha Angilikani chomwe ankapempherako chinali chitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, Misa ya Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, ikumveka pa foni, koma manja a mpingo sanapindike. Amwenye, Afilipino, Azungu, a ku Uganda ndi kagulu ka Amalawi ndi a ku Zambia ankasonkha chakudya cha anthu amene ntchito zinawathera, osafunsa n'komwe kuti munthuyo amapemphera kuti.

Woyendetsa ntchitoyi anali a Mwenda, mkulu wa mpingo, injiniya wochokera ku Malosa amene anali atakhala ku Dubai zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mtima anali nawo wabwino, izo ndiye sitingawalande. Vuto lawo linali limodzi: akalemba chinthu papepala, ngakhale mngelo atatsika sakanafufuta. Phukusi lililonse ankaliyeza pa sikelo, kulimanga okha, n'kukalisiya kwa mlonda wa nyumba imene osowawo ankakhala. Pamwamba sankakwera, poopa kutenga kapena kusiya matenda.

Tsiku lina pa msonkhano wa pa Zoom panatulukira nkhope yachilendo. Anali Matildah, mtsikana wa ku Lusaka amene anafika mu Febuluwale kudzagwira ntchito yokonza tsitsi, ndipo saluniyo inatsekedwa asanathe n'komwe mwezi. Ankakhala m'chipinda chimodzi ndi amayi ena asanu ndi awiri.

"Ba Mwenda, ningakambeko?" anatero mtsikanayo. "Zikomo maningi pa vakudya. Koma manje kwamene tinkhala, olo mutipaseko vophika kale, olo pang'ono chabe. Tili na ba Miriam, badwala shuga, afunika kudya akalibe kumwa mankhwala. Vuto ni yakuti..."

"Mayi, chakudya chophika chimasasa ndi kutentha kwa kuno," anamudula a Mwenda. "Mpunga wouma umakhala mwezi wathunthu. Za odwala shugawo tamva, m'phukusi lanu sitiikamonso shuga. Khalas, yatha imeneyo, tipite pa mfundo ina."

Msonkhano utatha, akazi awo a Selinah anawayang'ana cham'mbali. "Bambo a Andy, mtsikana uja simunamulole kumaliza."

"Wafika dzana lomweli, njira ya kokwerera sitima ya metro sanaidziwe. Angatiuze chiyani za Dubai?" anayankha a Mwenda, n'kubwerera ku sikelo yawo.

Masabata atatu anadutsa. Maphukusi ankapita, mauthenga othokoza ankabwera, ndipo a Mwenda ankawawerenga mosangalala pamaso pa akazi awo. Kenako Lachiwiri lina masana foni inalira. Anali Matildah, akulira. A Miriam anali atakomoka, ambulansi itawatenga kale.

A Mwenda anapempha kwa boma chilolezo chotulukira panja monga mwa lamulo la mliri, anavala masiki awiri, ndipo tsiku limenelo sanaime pa mlonda. Anakwera mpaka pa nsanjika yachitatu. Matildah atatsekula chitseko, iwo anasuzumira m'kati. M'chipindamo munali mabedi anayi osanjikizana, ndipo pansi pa bedi lililonse panali maphukusi a mpingo, omangidwa ndi mfundo yawo yomwe ija, osamasulidwa. Mtsikanayo anawalozera kumapeto kwa khonde, kumene chitseko cha khitchini chinali ndi loko wamkulu. Mwini nyumba anatseka khitchiniyo mliri utangoyamba, ati anthu akuunjikanamo, ndipo gasi anachotsa. Amayiwo anayesa kuphika mpunga m'ketulo ya magetsi mpaka ketuloyo inapsa. Kuyambira pamenepo ankakhalira buledi wouma ndi madzi, ndipo buledi atatha, a Miriam, mayi wa zaka makumi asanu wa ku Balaka, anamwa mankhwala awo masiku awiri m'mimba mulibe kanthu.

"Nanga bwanji simunanene? Mauthenga onse aja othokoza?" anafunsa a Mwenda.

"Munthu akakupasa, uyenera kuonga," anatero Matildah, maso ali pansi. "Ninayesa kukamba, ba Mwenda. Munati khalas."

Manyazi amene anawagwira a Mwenda pa khonde limenelo sanawaonepo chibadwire. Anthu anali kufa ndi njala atagonera mpunga, ndipo womanga mpungawo anali iwo. Koma apa m'pamene bamboyu anaonetsa kuti ukulu wa mpingo sanaupeze mwangozi. Ambiri a msinkhu wawo akanayamba kudzudzula mwini nyumba, mlonda, ngakhale mliri womwewo. Iwo anaimbira wansembe pomwepo n'kunena mosapita m'mbali kuti cholakwa ndi chawo. Atatero anatembenukira kwa mtsikana uja.

"Mayi, mundikhululukire. Malizani zimene munkanena tsiku lija. Ine ndikhala chete mpaka mutatsiriza."

Matildah anapukuta misozi n'kuyamba kuyala. Mabanja amene ali ndi khitchini aphike, banja lililonse tsiku lake. Chakudya chifike dzuwa lisanafike pamutu, kuti chisasase. Chisasiyidwe kwa mlonda, chifike pa chitseko penipeni, wopereka aone ndi maso ake amene akudya. Ndipo chipinda chawo sichinali chokha: iye ankadziwa zipinda zina zisanu za atsikana a m'masaluni ndi a m'mahotela zimene khitchini zake zinatsekedwanso chimodzimodzi. A Mwenda, amene Dubai ankamudziwa kuchokera pa misewu ndi milatho yake, anali asanalowepo m'chipinda chotere ngakhale chimodzi.

Madzulo omwewo a Selinah anaitanitsa amayi a Umodzi wa Amayi pa foni, ndipo pasanathe ola masiku onse a sabata anali atagawidwa. Mabanja a Amwenye anatenga Lolemba ndi Lachinayi, Afilipino Lachiwiri, a Selinah Lachitatu ndi mpunga wawo wa nyemba, ena n'kumalimbirana masiku otsalawo ngati pali mphotho. Mpunga wa pansi pa mabedi uja unatsitsidwa, n'kubwerera m'mbale zotsekera uli wakupsa. Woutsitsa ndi kuukweza anali a Mwenda, thukuta lili kamukamu pansi pa masiki, akutsatira mndandanda umene Matildah ankawatumizira m'mawa uliwonse.

A Miriam anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi atatu, Lachitatu. A Mwenda anagogoda, anaika mbale pakhomo n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo monga mwa lamulo. Mayiyo anatuluka akuyenda mogwira khoma, anawerama n'kunyamula mbaleyo ndi manja awiri.

"Chikutentha," anatero chapansipansi. "Abambo, chikutentha."

Anakhala m'mphepete mwa bedi chitseko chili chotsekula, anadya pang'onopang'ono mpaka mbale inayera, kenako anamwa mankhwala awo. A Mwenda anaima pa khonde mpaka anaona mayiyo akumeza, misozi ikunyowetsa masiki, ndipo sanaibise. Mayi ameneyu akanapita, ndipo chimene chinamupulumutsa pamodzi ndi anzake a m'zipinda zina zija chinatuluka m'kamwa mwa mtsikana amene anali asanathe miyezi itatu mumzindamo. Akuluakulu sananame: mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.