Malonje a pa Depoti ya ku Joni

Panali munthu wina, telala wa pa Nambuma, amene anafika pomera imvi asanawolokepo malire a dziko. Mwana wake Enelesi anakwatiwa ku Joni ndi mwamuna amene bamboyu anali asanamuonepo. Tsiku lina uthenga unafika: "Ababa, bwerani mudzaone mdzukulu wanu. Bambo a mwana adzakuchingamirani pa depoti."

Telala analongedza pasipoti, ndalama za ulendo ndi kapepala ka nambala ya Enelesi. Zonsezo m'chikwama chimodzi, abale inu! Kutayika kwa chimenecho, mdzukulu sakanamuona, ndipo kwawo sakanabwerera.

Basi imene anakwera inafika ku Joni masana. Anthu piringupiringu, aliyense akulankhula zake zosamveka, mkamwini osaoneka. Telala anangoti kakasi, chikwama atachikumbatira ngati nkhuku yopita nayo kumsika. Mantha anamugwira ndithu.

Pomwepo panatulukira bambo wina wa jekete yabwino, mano onse pamtunda.

"Aaa, madala, mwafika? Takulandirani! Bweretsani katunduyo ndikulandireni."

Chichewa chenicheni, pakati pa chilendo chonsecho! Misozi inalengeza m'maso mwa telala. Paja kwathu mlendo akafika timamulandira katundu, ndipo kukaniza ndi chipongwe, kuli ngati ukumunena mnzako kuti ndi wakuba. Telala anali munthu woleredwa bwino. Mkono wake unayamba kutambasuka wokha.

Koma china chake chinamudodometsa. Munthuyu sanafunse kuti kumudzi mwasiyako bwanji, kapena mwayenda bwanji. Ankangoti, "Tiyeni msanga, galimoto ili panja."

Telala sanakane, ndipo sanakalipe. Anayala kampango pa simenti, nakhala pansi, chikwama pamiyendo.

"Khalani, mwana wanga," iye anatero. "Tiyambe tapereka malonje."

Ndiye malonje a telala, inu! Anayambira pa mvula ya chaka chatha. Anafotokoza za mbuzi yake imene inalowa m'dimba la eni, za mwendo wa mkazi wake umene ukuvuta, za mashini osokera amene ayamba kudula ulusi. Wajekete uja anali chiimire. Anayang'ana wotchi, nayang'ana chikwama, nayang'ananso alonda amene ankadutsa. Nkhani isanafike n'komwe pokwera basi, anati akukaona kaye galimoto. Mpaka lero akuionabe.

Patapita kanthawi panafika wina, wovala ovololo yothimbirira ndi penti, thukuta lili kamukamu.

"Pepani ababa, kuntchito anachedwa kundimasula. Ndine mwamuna wa Enelesi. Ndikulandireni katundu."

"Khalani, mwana wanga," anatero telala.

Munthu uja ananjuta chapatali pang'ono, monga amachitira mkamwini pamaso pa apongozi, nawomba m'manja. Telala anayambiranso pa mvula ya chaka chatha, osadumpha kanthu. Apaulendo ankawalambalala, ena akuseka. Mkamwini sanatekeseke. Ankangovomera, "Inde ababa, zoona ababa." Atamva za mwendo uja nkhope yake inagwa.

"Nanga amayi apitako kuchipatala? Enelesi sagona nayo tulo nkhani imeneyi."

Apo telala anaseka mpaka misozi. Anamaliza malonje ake onse, chifukwa munthu wamkulu sasiyira nkhani panjira. Kenako anaimirira, napereka chikwama ndi manja awiri.

Tsono inu ana anga amene mwagula kale matikiti a ku Joni, mundimve bwino. Sindikuti muziopa aliyense wolankhula chathu, ayi, ndipo ulemu wanu musausiye pamalire. Koma wina akamakufulumizitsani, yambani mwamukhazika pansi, katundu ali pamiyendo panu. Amene wabwerera chikwama sakhalitsa. Amene wabwerera inu adzakhala nanu pa simenti pomwepo mpaka mutamaliza.