Swala ya Mlendo M'nyumba Yobadwira

Che Twaibu Mkwanda anafika pakhomo pa Shehe Halidi dzuwa litangopendeka, nthawi imene ngakhale nkhuku za ku Khombedza zimabisala pansi pa nkhokwe, kukamwa kuli yasa. Unali mwezi wa Okutobala. Nkhalamba ya mawondo ovuta siyenda padzuwa lotero mwachisawawa, choncho onse amene anawaona akudutsa pamsika ndi ndodo yawo anadziwa kuti mkuluyu wasenza nkhani.

Shehe Halidi anali munthu wophunzira zedi, koma ukawapeza pakhomo pawo ukanangoti ndi mlimi wamba. Tsikulo anawapeza atapinda mikono ya mkanjo, akunyowetsa chiguduli chimene anakulungira mtsuko kuti ana a madrasa adzapeze madzi ozizira.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam, Che Twaibu. Khalani pamthunzi apa. Yambani mwamwa madzi, nkhani sithawa."

Che Twaibu anamwa pang'ono chabe, mwaulemu, n'kuika chikho pansi.

"Ndabwera ndi funso la malamulo a swala, ndipo ndikupempha yankho lolunjika," anatero. "Kodi munthu angapungule swala m'nyumba ya bambo ake omubereka?"

Shehe anapukuta manja, anakoka kampando n'kukhala moyang'anana nawo.

"Funsoli lili ndi mwini wake. Ndiuzeni zimene zachitika."

Nkhani yake inali yotere. Che Twaibu ndi akazi awo, Abiti Wadi, anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Sumani, amene ankagwira ntchito ku Mzuzu. Panapita zaka asanaponde kumudzi. Atatumiza uthenga kuti akubwera ndi mkazi wake ndi ana awiri, nkhalambazi zinabwerera paunyamata. Abiti Wadi anazira nyumba yonse mpaka msana unawawa. Che Twaibu anamanganso mpanda wa bafa, anagula mphasa zatsopano, ndipo mbuzi imene ankaisunga ngati mwana anaiweruza okha kuti masiku ake akwana. Tsiku lofika alendowo, Che Twaibu anakhala kumsewu kuyambira m'mawa, kuyang'anitsitsa galimoto iliyonse.

Anafika Lachisanu nthawi ya Asiri, swala kapena kuti pemphero la chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Che Twaibu anapita kuseri kukatawaza, kusamba kokonzekera swala, mtima uli mbee, poganiza kuti lero aswali ndi mwana wawo. Pobwera anapeza Sumani wayamba kale pakhonde. Anaima n'kumamuyang'ana monyadira. Koma swala ya Asiri, imene ili ndi maraka anayi, kapena kuti magawo anayi a kuima ndi kugwada, Sumani anaswali maraka awiri basi n'kupereka salamu yotsekera swala. Chisilamu chimalola zimenezi kwa munthu wapaulendo, kuti apepukidwe. Che Twaibu ankalidziwa lamulolo, koma sanaganizepo kuti lingadzagwire ntchito pakhonde pawo.

"Ndinamuuza kuti, mwanawe, waiwala awiri," anafotokoza Che Twaibu. "Iye anamwetulira, amvekere, 'Ayi bambo, sindinaiwale, ndili paulendo.' Shehe, mawu amenewo andikhala pakhosi mpaka lero. Paulendo, m'nyumba mwanga?"

"Akhala nanu nthawi yaitali bwanji?"

"Akubwerera mawa m'mawa. Akuti ntchito."

Kunena zoona, Che Twaibu sanayende mtunda wonsewo kuti adzaphunzire. Ankafuna mkwapulo. Anali atakonza kale mumtima kuti madzulo, anthu onse atakhala pabwalo, adzanena kuti ndachokera kwa Shehe, ndipo akuti walakwitsa. Ankadziwa kuti Sumani ndi wosachedwa kukhumudwa, mtima umene anatengera kwa iwo eni, ndipo kuti akachita manyazi pamaso pa mkazi wake mwina sadzabweranso. Komabe mtima wopwetekedwa sumva zimenezo.

"Ndikanakonda kukuyankhani zokukondweretsani, bambo," anatero Shehe mofatsa, "koma lamulo si langa kuti ndiliwonjezere. Mwana wanu anakhazikika ku Mzuzu, wayenda mtunda wautali, ndipo sakukhalitsa. Kupungula swala ndi mphatso imene Mulungu anapatsa apaulendo. Sanalakwe."

Che Twaibu anagogoda pansi ndi ndodo.

"Pepani Shehe, inu mwawerenga mabuku, ine ayi. Koma mchombo wa mwana ameneyu tinaukwirira kuseri kwa nyumba ija. Pakhonde pomwepo m'pamene anaphunzirira kuyenda. Zilembo za Chiarabu, alifu ndi bee, ndinamuyambitsa ndine asanabwere kwa inu. Ndiye lero mabuku anu akuti ndi mlendo?"

"Mabuku akunena za mtunda ndi masiku. Za mchombo sananenepo kanthu," anayankha Shehe. "Koma tandiuzani, adzukulu ali bwanji? Ine sindinawaonepo."

Nkhalamba ija inafuna kupitiriza mkwiyo, koma funsolo linaigwira pofewa. Nkhope inamasuka yokha.

"Aa, ali bwino, alhamdulillah. Wamkulu ndi Rukiya. Ameneyo sachoka pa chitenje cha agogo ake aakazi. Dzulo amaphunzira kupeta mpunga, theka linathera kwa nkhuku, koma mayi aja amangoseka, anthu oti ine ndikataya kambewu kamodzi ndimamva mawu tsiku lonse. Wamng'ono ndi Shaibu. Wathothola mango osapsa mtengo wonse, akudya ndi mchere, mano achita dzanzi koma sakusiya. Akamva nyenje ikulira amazungulira mtengo kuifunafuna. Masana agogo awo amawavuwikira malambe, n'kuthiramo shuga. Dzuwa likapepa amapita nawo kumjigo, amabwera atanyowa thupi lonse, ndowa ili theka."

Apa mawu awo anatsika.

"Nyumba ija inali itaiwala phokoso, Shehe. Timakhala awiriwiri, zokamba zinatha kalekale, timangomvera wailesi. Masiku ano ndikamva ana aja akukanganirana chikho ndimalakalaka dzuwa litaima. Ndiye m'mawa uno ndamva Rukiya akufunsa mayi ake kuti, 'Amama, tibwerera liti kwathu?' Kwathu, akunena ku Mzuzu. Mwana alibe mlandu. Koma ndinati, bambo ake akuswali ngati mlendo, mwana akufunsa za kwawo, nanga ife ndife ndani? Malo opumulirapo panjira? Mawa akapita, ife titsala ndi mphasa zatsopano zija. Chaka chamawa sindikudziwa ngati adzandipeza."

Apa anatembenuzira nkhope kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya kilemba, nsalu yawo ya kumutu. Shehe anachita ngati sakuona, anawadikira mpaka atapezanso mpweya.

"Zonsezi mwazifotokoza bwino kwambiri. Kumjigoko munapita nawo?"

"Ayi."

"Mango aja munawathyolera ndinu?"

"Ayi. Ndimaonera pawindo." Che Twaibu anakanda ndevu. "Chichitikireni zija sindikukhala pabwalo. Ndimawauza kuti mawondo avuta."

"Koma mawondo omwewo akufikitsani kuno padzuwa ili," anatero Shehe, akumwetulira pang'ono. "Nanga nthawi ya swala ikakwana, inu mumaswalira kuti?"

"Kuchipinda kwanga. Ndimatseka chitseko."

"Sumani?"

"Pakhonde, yekha. Ndimamumva. Ndimawerenga maraka ake ndili m'kati, awiri, n'kumva salamu. Nthawi iliyonse zimandilasa ngati koyamba."

"Munayamba mwamuitana kuti muswalire limodzi?"

Che Twaibu anali atakonzekera kutsutsana ndi mabuku onse a Shehe, osati ndi funso laling'onoli. Anakumbukira kuti dzulo lake Sumani anaima pakhomo la chipinda chija, kofia ili kumutu, n'kufunsa ngati bambo ali bwino, ndipo iwo anayankha kuti ndagona.

"Sindinamuitane," anavomera. "Ndimaopa kuti ine ndikhala ndikuimirira rakaa yachitatu, iye n'kupereka salamu, kundisiya ndekha adzukulu akuona. Zimenezo sindikanazipirira."

Shehe Halidi anasendeza kampando kawo pafupi, n'kuika dzanja pa bondo la nkhalamba ija.

"Mwandifunsa lamulo limodzi, bambo, koma lili ndi linzake limene simunandifunse. Wapaulendo akaswali yekha amapungula, n'zoona. Koma akaima kumbuyo kwa munthu wokhazikika pamudzi, saloledwanso kupungula. Amatsatira womutsogolera mpaka kumapeto, maraka onse anayi. Sumani akulidziwa lamuloli, ndinamuphunzitsa ndine."

Che Twaibu anakweza maso. "Ndiye kuti sangandisiye panjira?"

"Sangakusiyeni. Asiri yayandikira, ndipo mawa akupita. Kayaleni mphasa pakhonde, muitane nyumba yonse, ndi adzukulu omwe, inu muime kutsogolo. Ine ndilibe mphamvu yomuletsa mwana wanu kukhala mlendo ku Khombedza, Che Twaibu. Koma kumbuyo kwa bambo ake sangakhale mlendo."